Kalata Yotseguka kwa Otsogolera Ntchito za Chipatala ku South Sudan

Kwa Olemekezeka Nduna ya Zaumoyo ya dziko la South Sudan, Mkulu woyang'anira ntchito za chithandizo wa United Nations ku Juba, likulu la dzikolo, akuluakulu a World Health Organization (WHO) amene amatsogolera Health Cluster, gulu logwirizanitsa mabungwe a za chipatala, atsogoleri a mabungwe onse ogwira ntchito za chipatala m'dzikolo, ndi nthumwi za maiko ndi mabungwe opereka ndalama.

Olemekezeka nonse,

Ndikupereka moni kwa inu ndi ulemu wonse, ndipo ndiyambe ndi kuthokoza chifukwa cha miyoyo yochuluka imene yapulumuka kudzera m'ntchito imene mumatsogolera. Ine ndine namwino komanso mzamba. Ndinagwira ntchito kwa zaka zingapo m'zipatala zing'onozing'ono za kumadambo a m'mphepete mwa mtsinje wa Nile, kumene odwala amafika pa bwato kapena atanyamulidwa m'bulangete ndi abale awo. Ndikudziwa kuti ntchito yanu si yopepuka, ndipo ambiri mwa inu munaikapo m'manda anzanu amene anaphedwa ali pa ntchito, pakuti kwa zaka zambiri dzikoli lakhala limodzi mwa malo oopsa kwambiri kwa ogwira ntchito za chithandizo. Choncho sindikulemba kuti ndinyoze wina aliyense. Ndalemba poyera chifukwa madandaulo awa, okhudza makamaka kusagwirizana kwa mabungwe pa ntchito za chipatala, akhala akukambidwa kwa nthawi yaitali m'zipinda za misonkhano, momwe anthu amene akuvutika nawo salowamo.

Chimene chandikakamiza kugwira cholembera ndi zimene zinachitika m'dera la Akobo, m'chigawo cha Jonglei. Mu Epulo 2025 bungwe la Save the Children linalengeza kuti anthu 8, ndipo 5 mwa iwo anali ana, anamwalira panjira akuyenda ulendo wa maola atatu padzuwa kukafuna chithandizo cha kolera. Pa zipatala 27 zimene bungweli linkathandiza m'deralo, 7 zinali zitatsekedwa kotheratu ndipo 20 zinkagwira ntchito mwapang'ono chabe, thandizo la ndalama lochokera ku America litadulidwa kumayambiriro kwa chakacho. Aliyense amene anasamalirapo wodwala kolera akudziwa kuti matendawa amagonja ndi madzi a ORS ndi dilipi, zinthu zotsika mtengo zimene munthu mmodzi angathe kusenza pamutu. Kudulidwa kwa ndalama sikunali m'manja mwa ambiri a inu, ndipo zimenezo ndikuvomereza. Koma funso lakuti chipatala chiti chitsekedwe, chiti chitsale, ndani alowe pamene wina wachoka, ndiponso ndani akauze anthu a m'mudzi kumene azipita tsopano, lili m'manja mwanu nonse pamodzi.

Dongosolo la magulu ogwirizanitsa ntchito za chithandizo linakhazikitsidwa mu 2005 kuti mabungwe asamaunjikane pamalo amodzi kwinaku kwina kulibe aliyense. WHO inapatsidwa kutsogolera za chipatala, UNICEF za madzi, ukhondo ndi kadyedwe, WFP za kayendedwe ka katundu, ndipo OCHA, ofesi ya United Nations yoona za chithandizo, inapatsidwa kulunzanitsa zonsezi. M'dongosolomo muli lonjezo limene ndikufuna kukukumbutsani: bungwe lotsogolera gulu ndilo wothandiza womaliza, kutanthauza kuti pamene pagwa mpata ndipo palibe wina wotseka, udindo umabwerera kwa ilo, malinga ngati njira ilipo ndipo ndalama zapezeka. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ku South Sudan mitu ilipo yambiri ndithu, koma kawirikawiri mutu uliwonse ukusenza kadenga kakekake.

Dandaulo langa loyamba, lomwenso ndi lalikulu kuposa onse, ndi kuchoka kosatsanzika. Zimenezi sizinayambe mu 2025. Thumba la Health Pooled Fund, limene linkathandiza zipatala m'zigawo 8 mwa zigawo 10 za dzikoli, linasiya kuthandiza zipatala zoposa 200 mu 2022 ndalama zake zitachepa, ndipo mu Julayi 2024 ntchito yonse inasamukira ku pulojekiti yatsopano ya Health Sector Transformation Project yothandizidwa ndi World Bank. Pa pepala, kusinthana kotere kumachitika usiku umodzi: wina amaliza pa 30, wina ayamba pa 1. Pansi sizikhala choncho. Ine ndinaonapo chipatala china chaching'ono chimene bungwe lina linachisiya kontrakiti yake itatha. Ogwira ntchito anauzidwa kutatsala masiku ochepa, mafumu sanauzidwe konse, ndipo bungwe lolowa m'malo linafika patapita miyezi. Tsiku lina ndikudutsa pamenepo ndinapeza mayi atakhala pakhonde ndi mwana wotentha thupi pamiyendo, akuyang'ana loko wa pachitseko. Anali atayenda kuchokera m'bandakucha. M'kachikwama ka pulasitiki anali ndi khadi la katemera la mwanayo, lokulungidwa bwino kuti lisanyowe, ndipo tsiku lobwerera limene linalembedwapo linali lomwelo. Firiji ya sola inali ikulirabe m'katimo, koma munthu wokhala ndi kiyi anali atapita kukafuna ntchito kwina. Mayiyo anasunga pangano limene tinamupatsa. Ife ndife amene sitinalisunge. Makilomita ochepa kuchokera pamenepo panali gulu la bungwe lina loyendayenda ndi mankhwala, limene likanatha kumaima pakhondepo kamodzi pa sabata, koma silinadziwe kuti chipatalacho chatsekedwa, chifukwa pa mapu a ku Juba chinkaonekabe ngati chotsegula.

Kutseka chipatala nthawi zina n'kosapeweka. Koma ngati mabungwe atatu a m'dera limodzi adulidwa ndalama mwezi umodzi, ndipo lililonse lasankha palokha chotseka malinga ndi zimene likulu lake lanena, dera lonse limatha kutsala lopanda ngakhale mzamba mmodzi, pamene akanakhala pansi pamodzi akanasiya chipatala chimodzi chapakati chili ndi zonse zofunika. Ndalama zikachepa ndi pamene kugwirizana kumafunika koposa, koma ndi nthawi yomweyo imene aliyense amathamangira kupulumutsa ofesi yake.

Chachiwiri ndi kuunjikana. Nkhondo ya ku Sudan itayamba mu Epulo 2023, anthu oposa 1 miliyoni awolokera ku South Sudan, ambiri kudzera pa malire a Joda kupita ku Renk, ndipo kunali koyenera kuti mabungwe athamangire kumeneko. Chimodzimodzinso ku Malakal ndi ku Bentiu, kumene msasa wa anthu oposa 100,000 wakhala kuseri kwa zipupa zadothi zotchinga madzi osefukira. Sindikunena kuti anthu a m'misasa ali pabwino. Ndikunena kuti kumene kuli bwalo la ndege, intaneti ndi malo ogona otetezedwa kumapezeka zikwangwani za mabungwe zambiri pa mpanda umodzi, pamene midzi imene othawawo amakathera, atakwezedwa maboti kuchoka ku Renk, ilibe bungwe lodzipereka kuithandiza. Munthu amalandira chithandizo pamene akudutsa, koma akafika kumene akakhale amasowa pogwira.

Chachitatu ndi mankhwala. Mvula ikayamba, cha mu Epulo kapena Meyi, misewu ya gawo lalikulu la dzikoli imasanduka matope, ndipo katundu amayenda pa mtsinje kapena pa ndege, pa mtengo wokwera kwambiri. Nonse mukudziwa kuti mankhwala ayenera kufika m'nkhokwe za m'madera nyengo yopanda mvula isanathe. Komabe chaka ndi chaka mapangano a ndalama amasainidwa mochedwa, mathiraki amanyamuka mitambo itayamba kale kuda, ndipo nyengo ya malungo imapeza mashelefu ali opanda kanthu. Pakadafunda padajiwitsa. Choipa koposa n'chakuti mankhwala amatha kukhalapo koma otsekeredwa ndi malamulo a mwini ndalama. Ndinakhalapo pa chipatala chopanda mankhwala a malungo a ana kwa masabata angapo, tikuyeza mwana, kupeza malungo, n'kumuuza mayi ake kuti akafune ku msika, pamene tsidya lina la mtsinje makatoni a mankhwala omwewo ankayandikira tsiku lotha mphamvu m'kontena ya bungwe lina. Woyang'anira nkhokweyo anali munthu wabwino ndipo ankafunitsitsa kutipatsa, koma sakanatulutsa ngakhale katoni imodzi popanda chilolezo cha ku likulu, chifukwa mankhwalawo anagulidwira pulojekiti ina. Chilolezocho chinabwera, koma mochedwa.

Chachinayi ndi kuduladula wodwala. Ndalama zimabwera m'timatumba tosiyanasiyana, kena ka kunyentchera, kena ka katemera, kena ka amayi oyembekezera, kena ka madzi, ndipo ntchito nayonso imagawika chimodzimodzi. Koma mwana wonyentchera ndi yemweyo amene ali ndi malungo, ndi yemweyo amene sanabayidwe katemera wa chikuku, ndipo akamaliza kudya chiponde amakamwa madzi a m'dambo. Mayi ake amaima pa mizere itatu, kwa mabungwe atatu, pa masiku atatu osiyana. Mliri wa kolera umene unalengezedwa ku Renk mu Okutobala 2024, umene wapha anthu oposa 1,000 ndi kufalikira m'zigawo zambiri, waonetsa poyera kuti tenti ya odwala kolera yopanda madzi a klorini ndi zimbudzi pafupi imangobweza anthu kumene anatengera matendawo. A chipatala ndi a madzi amakumana m'misonkhano yosiyana, ndipo ndondomeko zawo sizifika pamudzi tsiku limodzi.

Pa nkhani yomweyi, palibe pamene kusagwirizana kumapweteka ngati potumiza wodwala ku chipatala chachikulu. Dziko la South Sudan lili m'gulu la maiko amene amayi ambiri amamwalira pobereka, ndipo mzamba aliyense wa kumudzi amadziwa mantha a usiku umene mwana wakana kutuluka kapena magazi akana kusiya. Mayi wotero afunika opaleshoni kapena kuikidwa magazi m'maola ochepa. Boti la injini limakhalapo padoko, koma ndi la bungwe limene malamulo ake salola kunyamula wodwala wa pulojekiti ina, kapena mafuta ake anawerengeredwa ntchito ina. Kumene mukupitako simudziwa ngati dokotala wa opaleshoni alipo sabata imeneyo. Ndinagwirapo dzanja la mayi wotere mpaka m'mawa, wailesi ya mauthenga ili pakhutu, ndikupempha ofesi ndi ofesi. Mayiyo anapulumuka, koma mwana wake ayi.

Chachisanu ndi malipiro, ndipo apa ndinena mwachidule. Ogwira ntchito m'boma akhala miyezi yambiri osalandira, makamaka paipi ya mafuta yodutsa ku Sudan itawonongeka mu 2024, motero anamwino ambiri amadalira alawansi ya mabungwe. Bungwe lina likamapereka yochuluka kuposa linzake m'dera lomwelo, mzamba yekhayo wa chipatala cha boma amasamuka, ndipo palibe angamuimbe mlandu, pakuti nayenso ali ndi ana. Kumeneko si kuwonjezera ogwira ntchito, ndi kungowalanda.

Chachisanu ndi chimodzi ndi malipoti ndi misonkhano. Pali EWARS yochenjeza za miliri, pali DHIS2 yosungira manambala a unduna, pali ndandanda ya amene akuchita chiyani, kuti ndi liti, ndipo pamwamba pa zonsezi mwini ndalama aliyense ali ndi fomu yakeyake. Namwino mmodzi amene waona odwala tsiku lonse amakhala usiku ndi tochi kukopera manambala omwewo m'mabuku anayi. Malipotiwo amakwera kupita ku Juba, koma kawirikawiri palibe chimene chimatsika, ngakhale mawu akuti talandira. Misonkhano imene imagawa ndalama imachitikira ku likulu, m'Chingerezi, nthawi zambiri pa intaneti, pamene mkulu wa ofesi ya zaumoyo ya m'dera alibe magetsi otchajira foni. Ogwira ntchito a Boma Health Initiative, amene amayenda khomo ndi khomo kuchiza malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba, amadziwa mudzi umene mwana wayamba zidzolo sabata yathunthu lipoti lisanafike kulikonse. Kumeneko mawu akuti boma amatanthauza kadera kakang'ono ka midzi ingapo, ndipo ndi pa mlingo umenewo pamene mliri umayambira. Nkhondo ikabuka, monga inachitira mu Disembala 2013 ndi mu Julayi 2016, ogwira ntchito ochokera kunja amakwezedwa ndege, ndipo amene amatsala kusamalira odwala ndi mabungwe a m'dzikomo ndi anthu a m'midziyo. Mu 2016, pa pangano la Grand Bargain, opereka ndalama analonjeza kuti 25 peresenti ya thandizo izipita kwa mabungwe a m'maiko momwemo mosazungulira kwambiri. Lonjezolo silinakwaniritsidwe, ndipo mabungwe ang'onoang'onowa ndi amene amayamba kugwa ndalama zikadulidwa.

Dandaulo lomaliza likupita makamaka kwa inu a boma ndi kwa onse onyamula zida. Kumapeto kwa 2013 ndi mu 2014 odwala anaphedwa ali pa mabedi awo m'zipatala za ku Bor, Malakal ndi Bentiu, ndipo chipatala cha Leer chinawotchedwa. Tinkayembekezera kuti pangano la mtendere la mu Sepitembala 2018 latseka mutu umenewo. Koma mu Epulo 2025 chipatala cha bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières ku Ulang chinaberedwa ndi anthu a mfuti mpaka kutsekedwa, ndipo pa 3 Meyi chaka chomwecho chipatala cha bungwe lomweli ku Old Fangak, chimene chinali chokhacho kwa anthu oposa 100,000, chinaphulitsidwa ndi mabomba ochokera m'mwamba, nkhokwe ya mankhwala inapsa, ndipo anthu osachepera 7 anafa. Chigamulo 2286 cha Security Council ya United Nations, cha mu Meyi 2016, chimaletsa zimenezi momveka bwino. Kuwonjezera apo, maboti ndi mathiraki a mankhwala amaimitsidwa pa zipata zambirimbiri n'kulipiritsidwa. Bungwe lililonse likamakambirana palokha ndi oyang'anira zipatazo, limene lalipira lero limakweza mtengo kwa amene abwere mawa. Ndikumbutsenso mwaulemu kuti maiko a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, pamene m'zaka zaposachedwa gawo la zaumoyo ku South Sudan lakhala pafupi ndi 2 peresenti. N'kovuta kuti unduna utsogolere mabungwe a kunja pa ntchito imene boma lenilenilo silikuikapo ndalama.

Chifukwa cha zonsezi, ndikupempha zotsatirazi.

1. Pasakhale bungwe lotseka kapena kusiya chipatala lisanadziwitse Health Cluster, ofesi ya zaumoyo ya m'deralo ndi mafumu kutatsala miyezi itatu, kupatula pamene nkhondo yalithamangitsa. Chidziwitsocho chinene amene alowe m'malo, kumene kiyi, firiji, mankhwala ndi mabuku a odwala zikupita, ndi kumene odwala TB ndi amene amamwa ma ARV akalandire mankhwala awo mwezi wotsatira. Opereka ndalama aike m'mapangano awo ndalama za miyezi yosinthanayo.

2. Pamene ndalama zachepa, mabungwe a m'dera limodzi asankhire pamodzi, pamaso pa ofesi ya zaumoyo ya m'deralo, zipatala zimene zitsale, kuti dera lililonse likhale ndi malo osachepera amodzi oberekera, oika dilipi ndi osunga katemera. Mapu a zipatala zotsegula azikonzedwa mwezi uliwonse ndi munthu amene wafikadi pakhomo pake.

3. WHO inene poyera madera amene alibe wothandiza aliyense, ndi zimene ikuchita monga wothandiza womaliza. Ngati ndalama palibe, inene chomwecho ndi kutchula maderawo maina, kuti thumba la ndalama za chithandizo la South Sudan Humanitarian Fund liyambire kumeneko.

4. Opereka ndalama alole, ndi lamulo lolembedwa kamodzi kokha, kuti mankhwala opulumutsa moyo azibwerekanitsidwa pakati pa mabungwe a m'dera limodzi popanda kudikira likulu, ndiponso kuti boti kapena galimoto ya bungwe lililonse inyamule wodwala aliyense amene ali pangozi. Dera lililonse likhale ndi nambala imodzi kapena wailesi imodzi yoitanira thandizo lotere usana ndi usiku.

5. Mlingo umodzi wa alawansi utsatidwe ndi onse, ndipo boma lilipire anamwino, azamba ndi madokotala ake mwezi ndi mwezi.

6. Namwino alembe lipoti limodzi, ndipo amene akufuna manambala akawatenge kumeneko. Misonkhano yogawa ntchito itsikire m'madera, a chipatala, a madzi ndi a kadyedwe akhale pa tebulo limodzi, ndipo mabungwe a m'dzikomo akhale ndi mawu pa kagawidwe ka ndalama, osati pa kulandira malangizo pokha.

7. Boma lifufuze poyera zimene zinachitika ku Ulang ndi ku Old Fangak, lichotse zipata zolipiritsa katundu wa chipatala, ndipo mabungwe onse azilankhula ndi mawu amodzi chipatala chilichonse chikaukiridwa, kaya ndi cha bungwe lalikulu kapena kachipinda kofolera ndi udzu.

Pa mapempho amenewa, ambiri safuna ndalama zatsopano. Afuna siginecha ndi kulolerana. Ndikupempha kuti yankho lanu libwere poyera monga momwe kalatayi yabwerera, kuti anamwino ndi azamba amene adakali m'madambo aja, ndi onse amene awerenge ndi kugawana mawu awa, adziwe zimene mwavomera ndi zimene mwakana. Pempho loyamba ndi lachinayi ndikupempha kuti muwayankhe misewu isanatsekekenso ndi mvula, chifukwa makatoni amene sadzakhala atafika pofika Meyi adzadikira mpaka kumapeto kwa chaka.

Ine wanu mwaulemu,

Namwino ndi mzamba amene anagwirapo ntchito ku South Sudan